Mmene Ndinasokera Ntchito ya Mwana Wanga Pachigafa

Tsiku limenelo pachigafa panga panali anthu awa, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzati ndikuwonjezera. Panali ine mwini chigafa. Panali akazi anga, atakhala pachiguduli, singano ya fodya ili m'manja. Panali alamu anga, achimwene awo a akazi angawo, munthu amene ndakangana naye kuyambira tsiku la chinkhoswe changa mpaka lero. Panali aphunzitsi opuma a kuseri kwa tchalitchi, ndi magalasi awo omanga ndi ulusi. Panali mayi wamasiye wa kutsidya kwa dambo, ndi bambo wina wa m'kalabu yathu ya fodya, wobadwira cha ku Chisemphere, amene akadabwa lilime limathawira ku Chitumbuka. Ndiye panali mwana wanga wachisamba, atangogona masiku awiri chifikireni kuchokera ku Joni, komwe ankamaliza sukulu yake ija yosatha.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, ndipo izi ndikulemba mzere umodzi n'kupuma. Mulungu anandimana zilembo, koma mmero anandipatsa wa anthu atatu. Ndikaitana ng'ombe kuno kwa Kaomba, agalu a pa boma amauwa. Ndi mmero umenewu umene unandigwetsera m'dzenje.

Zinali zaka za makuponi a feteleza wotsika mtengo. Mwana wangayo ankaphunzira zimene amati kemisitiri, ndipo tsiku lina potuluka m'tchalitchi ndinawafunsa aphunzitsi aja kuti kodi chimenechi n'chiyani. Iwo anati ndi maphunziro a zosakanizasakaniza, ndipo anthu ake ndi amene amapanga mankhwala, sopo, ngakhale feteleza. Mankhwala ndi sopo ndinazisiya pakhomo la tchalitchi pomwepo. Feteleza yekhayo ndiye ndinapita naye kunyumba.

Litafika tsiku lolandira makuponi pabwalo la sukulu, mayina anaitanidwa, langa linalipo, la alamu linalipo, koma la mayi wamasiye uja silinamveke, la mnzathu wa ku Chisemphere silinamvekenso. Mayiyo anakhala pansi pa mtengo wa mango, chitenje atafunda kumutu. Mtima wanga unawawa, ndipo ine mtima ukawawa pakamwa pamatseguka pokha. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Mayi, musadandaule. Mwana wanga akubwera Januwale. Ameneyo ku Joni akuphunzira kupanga feteleza. Akafika mudzangobwera ndi thumba, tidzasakaniza pachigafa panga." Bwalo lonse linamva. Ngakhale amene anali kumjigo anamva.

Alamu anandiyandikira n'kunena motsitsa kuti, "Alamu, pakamwa panu pamathamanga kuposa njinga yanu. Mwanayo munamufunsa?" Ine ndinati mwana amene ndamuphunzitsa ndi fodya wa m'manja angawa sindichita kumufunsa, ndimamudziwa.

Choncho sindinamufunse. Anafika ndi chikwama chimodzi, makina a kompyuta opyapyala ngati mbale, ndi chibuku chachikulu chakuda chimene analemba yekha, dzina lathu lili pachikuto m'zilembo zagolide. Chibukucho ndinachinyamula m'mudzi monse, ndipo aliyense ndinkamuuza kuti njira ya feteleza ili m'menemu, abwere Loweruka m'mawa.

Loweruka tinalawirira kuthyola fodya wapansi mame asanaume, n'kuunjika masamba pamthunzi wa chigafa. Tinayamba kusoka, mwana wanga akutipatsira masamba, manja ake ofewa atada kale ndi phula la fodya. Kenaka anthu aja anatulukira m'kanjira ka m'chimanga, mayi wamasiye patsogolo, thumba lopanda kanthu atalipinda bwino m'khwapa. Chimanga chake chinali chitayamba chikasu, chikufuna feteleza wobereketsa sabata yomweyo.

Titalonjerana, alamu anakhala pamtondo wogubuduza n'kuti, "Mphwanga, takulandira. Tauzidwa kuti lero utiphikira feteleza. Nkhuni tikatole zingati?"

Mwanayo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana denga la chigafa ngati ndikufuna pamene pakudontha.

"Malume, feteleza wake uti?"

"Afunse abambo ako. Iwo ndiwo analengeza, ndipo ukudziwa kuti akalengeza safuna chimkuzamawu."

Mwana wanga ndi wofatsa, anatengera amayi ake. Anapukuta manja pathalauza n'kunena kuti, "Pepani nonse. Ine feteleza sindidziwa kupanga. Amene uja amapangidwa m'mafakitale akuluakulu, ndi moto ndi mphamvu zimene pano palibe. Kunena zoona, ine sindisakaniza chilichonse. Botolo la mankhwala ndinaligwira komaliza kalekale. Ntchito yanga ndi yowerengera pakompyuta."

Ndakhala ndikugwa panjinga, ng'ombe inandipondapo phazi, koma ululu ngati umenewo sindinaumvepo. Mayi uja anafutukula thumba lake n'kulipindanso. Alamu anatulutsa kabotolo ka fodya wamphuno, n'kufwenthera pang'onopang'ono, n'kuti, "Ndimanena ine. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndiye zaka zonsezi mabelo a alamu anga ankapita ku okushoni kuti iwe ukawerengere chiyani, mphwanga? Nyenyezi?"

 Chimene chinandipweteka kwambiri si chipongwe cha alamu ayi. Chinali chakuti funso lawolo yankho lake sindinkalidziwa. Mwana wangawanga, ndipo sindikanatha kuuza munthu chimene amachita.

Akazi anga sanasiye kusoka. Anangoti, "Abambo ake, khalani pansi, masamba akufota. Iwe, auze amalume ako chimene umawerengacho. Anthu ayenda mtunda, asabwerere opanda ngakhale nkhani."

Mwanayo anagwada pafupi ndi mulu wa fodya n'kutola masamba awiri. Anati chinthu chilichonse, kaya tsamba, kaya madzi, kaya mpweya, chinapangidwa ndi tinthu tosaoneka ndi maso timene timagwirana m'timagulu, ndipo kagulu kamodzi amati molekyu. M'kati mwa kaguluko muli tina tochepetsetsa, maelekitironi, ndipo timeneti ndi timene timamanga kaguluko kuti kasamwazike. Anati timakonda kukhala tiwiritiwiri, kena kutaloza uku, kanzake kutaloza uko. Ponena zimenezi anagundanitsa masamba aja msana ndi msana.

"Ngati mmene akusokera amayimu," anatero.

Apa khutu langa linadzuka. Aliyense wa kuno amadziwa kuti fodya sumusoka masamba atayang'ana kumodzi. Umafulatiritsa, ili uku, linzake uko, kuti akamafota pamkangala, mtengo wopachikapo fodya m'chigafa, asamatane n'kuwolerana. Ine ndinaphunzira zimenezo ndisanadziwe kuvala kabudula.

Mwanayo anapitiriza kuti alipo mamolekyu ena amene amatsala ndi tiwiri topanda anzake, kena kumbali iyi, kena kumbali iyo, m'nyumba imodzi koma tosasokedwa pamodzi. Amenewo amati madairadiko. Liwu limeneli anachita kundilembera papepala, ndipo ndakopera chilembo chimodzichimodzi. Funso limene wakhala nalo zaka zonsezi, anati, ndi ili: tiwiri totsalato taloza kumodzi, kapena tafulatirana?

"Basi?" anatero alamu. "Nanga tikaloza kumodzi, chimanga chibereka?"

"Chimanga ayi, malume. Koma mpweya umene mukupumawu uli ndi molekyu wotero, okosijeni. Tiwiri take taloza kumodzi, ndiye sagwirana msanga ndi zinthu zimene tonse tili tiwiritiwiri. Amadya chinthu pang'onopang'ono, kapena amadikira kuti wina abweretse moto. Tikanakhala tofulatirana, akanakhala waukali kwambiri, ndipo udzu wouma wa chigafa chino sukanakhalitsa."

Tonse tinayang'ana denga. Mnzathu wa ku Chisemphere anati, "Nadi, adada?" n'kuzimitsa ndudu yake pansi ndi chidendene.

Aphunzitsi anafunsa kuti nanga tinthu tosaonekato amationa bwanji. Mwanayo anati sationa, amatiwerengera. Anati timeneti sititsata malamulo a miyala ndi mbuzi, sungaloze kuti kali apa, ungangonena kumene kamakonda kupezeka. Masamu ake amati kwantamu, ndipo ndi aatali moti makina akuluakulu a kusukulu kwawo amatha masiku akubuula asananene kuti pa makhalidwe awiri aja, kuloza kumodzi ndi kufulatirana, molekyuyo amapeza mpumulo pa kati.

Kenaka anabwereka singano ya amayi ake, ija tinasula ku sipoko ya njinga, n'kujambula pansi kabwalo ka ngodya zisanu ndi imodzi, ngati chipinda cha chisa cha njuchi. Anakatulutsira nthambi ziwiri, kusiya ngodya imodzi pakati pake. Anati pangodya iliyonse pali kamodzi, ndipo totsala tija tili kunsonga za nthambi ziwirizo.

Ine ndinali nditasendera kale pafupi. Ndinafunsa kuti, "Oyandikanawa, ngodya iyi ndi iyi, amafulatirana ngati fodya?"

"Amakonda kutero, bambo."

"Onse, mpaka kunthambi?"

"Mpaka kunthambi."

"Ndiye makinawo akubuulira chiyani? Tandipatsa masamba."

Ndinaika tsamba loyamba pansonga ya nthambi, chagada. Pangodya yogwira nthambiyo ndinaika lina chafufumimba. Ngodya yapakati chagada. Yotsatira chafufumimba. Ndiye pansonga ya nthambi inayo panayenera chagada, palibenso kuchitira mwina. Ndinawomba m'manja kuchotsa dothi n'kunena kuti, "A kunsonga awiriwa onse ali chagada. Aloza kumodzi. Pita ukawauze makina ako."

Mwanayo anayang'anitsitsa masambawo. Kenaka anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi chibuku chija. Anatsegula, anafufuza, n'kupatsa aphunzitsi kuti akhale mboni. Ine kuwerenga Chingerezi sinditha, koma pamenepo sipanafunike Chingerezi. Panali kabwalo komweko, nthambi zomwezo, ndi timivi tiwiri, tonse titaloza kumwamba.

Mmero wa anthu atatu uja unatseguka wonse. Ndikuuzani, nkhuku zimene zinali pansi pa nkhokwe zinabalalika. "Aphunzitsi, nenani mokweza, alamu anga khutu lina ndi lakufa. Timivi taloza kuti?"

"Kumodzi," anatero aphunzitsi, akukankhira magalasi pamphuno.

"Mwamwayi," anatero alamu. "Ngakhale wakhungu amaponda ndalama. Mphwanga, jambula china, koma nthambi ndiika ine."

Anajambula kabwalo kena, alamu n'kulemba nthambi ndi chala chawo, ina kuno, ina kutsidya kwenikweni, moyang'anizana. Ndinayala masamba, chagada, chafufumimba, chagada, mpaka ndinafika. Loyamba linali chagada, lomaliza linagwa chafufumimba. Ndinati, "Awa afulatirana." Alamu anati ndadutsa njira yachidule mwachinyengo, ndidzere mbali inayo ya bwalo. Ndinadzera mbali inayo, ndipo zinatuluka chimodzimodzi. Aphunzitsi anapeza tsamba lake m'chibuku muja: kamuvi kena kumwamba, kena pansi.

Pamenepo ngakhale mayi wamasiye anaseka, n'kukhala pansi pathumba lake kuti aone bwino. Akazi anga anapukusa mutu n'kuti, "Mwawapatsa abambo akewa chonena mpaka Isitala."

Mwana wanga ankaseka misozi ili m'maso. Anati chimene ndachitacho ndi lamulo lenileni, analipeza anthu ophunzira kalekale ndi masamu ovuta, ndipo iwo amaphunzitsidwa kuti aziyamba kuyerekeza nalo asanayatse makina. Ndinamufunsa ngati anthu amenewo anasokapo fodya. Anati sakhulupirira. Ndinati ndiye chifukwa chake zinawatengera masamu.

Ndinali nditaimirira tsopano, chifuwa patsogolo, ndikuwauza alamu kuti makina a ku Joni amatha sabata pa chinthu chimene ine ndimatha iwo asanayetsemule. Koma mwanayo anandikoka thalauza. "Bambo, musanapite patali, tayesani aka."

Anajambula kabwalo ka ngodya zisanu zokha. Ndinagwada, ndikuimba kanyimbo, n'kuyamba kuyala. Chagada, chafufumimba, chagada, chafufumimba, chagada. Nditazungulira, tsamba lomaliza linakumana ndi loyamba, onse ali chagada, moyandikana. Akazi anga anasuzumira n'kuti, "Awo awolerana. Sokaninso." Ndinayambira pangodya ina. Zomwezo. Ndinayambira chafufumimba, awiri anakumananso chafufumimba. Alamu anatsika pamtondo paja kuti andithandize, mnzathu wa ku Chisemphere naye anagwada, amuna atatu aimvi tikulimbana ndi masamba asanu, wina akatembenuza ili, kwina kwaonongeka. Thukuta linatuluka. Ndinati, "Aka anasoka ndi munthu woledzera. Sikasokeka."

"Sikasokeka, bambo," anatero mwana wanga. "Timeneti ndiye tanga. Tosavutato ndinangotiika koyambirira kwa buku kuti ndiyesere makina ngati akunena zoona. Masamba ena onse a bukuli ndi a tokana kusokeka."

Anati pa totere lamulo la masamba limagonja, ndipo nthawi zina makhalidwe awiri aja amayandikana kwambiri moti kusiyana kwake n'kochepa ngati kulemera kwa fumbi pabelo. Anatinso masamu wamba amene ambiri amagwiritsa ntchito amayamba ndi kuganiza kuti tonse tili tiwiritiwiri, ndiye akakumana ndi totsala amanama molimba mtima. Alamu anati, "Ngati munthu wina amene ndikumudziwa." Ndinawasiya, chifukwa ndinkafuna kumva. Ntchito yake, anati, inali kuwerengetsa makina masokedwe angapo nthawi imodzi, popeza molekyu wotere sakhala m'kasokedwe kamodzi, amakhala pang'ono umu, pang'ono umo. Akadziwa zimenezo, anthu ena amene amafuna kupanga maginito opepuka kapena zipangizo zokolola dzuwa amadziwa molekyu woti ayambe naye, m'malo motaya zaka pa wolakwika.

Ndinayang'ana masamba asanu aja, n'kuyang'ana kukula kwa chibukucho. Ine masamba asanu anandigonjetsa dzuwa lisanafike pamutu. Iye anakhala nawo zaka, kudziko la eni, m'nyengo yozizira, osathawa. Ndinamva kukoma kuposa tsiku limene fodya wanga anatsogola pa okushoni.

Koma thumba lija linali likadali lopanda kanthu, ndipo mwini wake anali atalikhalira patsogolo panga. Mawu amene ananama pabwalo la sukulu anali anga, ndiye oyenera kuwabweza ndinali ine, ndi mmero womwewo. Ndinaimirira n'kuvula chipewa. Ndinati, "Mayi, ndi inu achimwene, ndinakunamizani. Mwanayu sananene kuti amapanga feteleza, ndinanena ndine, osamufunsa. Mwataya m'mawa wanu chifukwa cha pakamwa panga. Mukamapita muziuza aliyense kuti mkulu uja analakwa, ndipo wavomera." Ndinanena mokweza kuti a kumjigo amvenso, popeza bodza lija analimva.

Ndiye ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa thumba langa la wobereketsa, lija la kuponi, lomwe ndinali nditangothirako theka. Ndinawapungulira mayiwo ndowa yodzaza, mnzathu uja chigoba chachikulu. Akazi anga anangoti, "Chimanga chathu chakumunsi chidya manyowa a nkhuku chaka chino," ndipo sanakwiye. Alamu anakanda m'mutu, anayang'ana kumbali, kenaka anati mayiwo adzere kwawo popita, chifukwa sangalole kuti m'mudzi muzimveka kuti wopatsa ndi mlamu wawo yekha. Mayiwo anathokoza, koma asananyamuke anapempha kuti nawonso ayeseko kabwalo ka ngodya zisanu kaja. Anayesa kawiri, n'kuseka, n'kuti mwanayo apitirize sukulu, zimenezi si za masewera.

Sanapite msanga anthu aja. Anatola singano n'kutithandiza kusoka mulu wonse, ndipo mikangala inadzaza dzuwa lisanapendeke. Aliyense wodutsa panjira ndinkamuitana kuti adzaone. Ndinkajambula ndekha kabwalo, ndinkayala masamba, n'kumafotokoza za tiwiri totsala, ndi za mpweya umene umadikira moto. Aphunzitsi ankandikonza ndikapotoza liwu, alamu ankatsutsa chilichonse mwa chizolowezi chawo, mwana wanga ali pambali, akungopatsira amayi ake masamba.

Anthu atabalalika, ine ndi iye tinatenga ndowa kupita kumjigo kukasamba phula la m'manja. Ndinkapopa ine, iye akutikita zala ndi mchenga. Ndinayamba kuopa kuti mwina ndamuchititsa manyazi pamaso pa amalume ake. Ndinati, "Nena, ndakulakwira." Anaweramuka, madzi akudontha m'zigongono, n'kunena kuti:

"Bambo, ulendo wonse m'basi ndinkadwala ndi funso limodzi, loti mukandifunsa chimene ndakhala ndikuchita ndi fodya wanu ndidzayankha chiyani. Lero mwayankha ndinu, ndipo mwafotokoza bwino kuposa mmene ndinafotokozera kwa aphunzitsi anga. Kudzitama musasiye, sindingakuletseni, palibe angathe. Koma muzidzitama ndi zimene mwayala pansi zija. Ndipo wina akadzakufunsani za ngodya zisanu, muzidzati mwana wanga akadali nazo."